Rasipiberi kuno ku Joni: musathamangire kudulira

Abale anga a m'magadeni kuno ku Joni, lero tikambeko za rasipiberi, tizipatso tofiira tija timadula kwambiri mushopu chonsecho kabokosi kake nkosadzadza ndi m'manja momwe. Amene munakwerako phiri la Zomba mukukumbuka tizipatso tija amagulitsa m'mbali mwa msewu, eya, nzapachibale zimenezo.

Mbewuyi imakonda kuzizidwa, ndiye Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750, chisanu cha Juni ndi Julayi chimatiumitsa zala m'mawa chija kwa iyo ndi mwayi. Dzalani Julayi kapena Ogasiti mitengo isanayambe kuphukira. Mbande kagulen ku nazale, ndipo musachoke musanafunse dzina la mtundu wake, chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Malo akhale opeza dzuwa la m'mawa koma masana pakhale kamthunzi, dzuwa la Disembala kuno limawaula zipatso mpaka kuyera mbali imodzi. Pamene munali tomato, mbatatesi kapena mabiringano pasiyeni, m'dothi mumatsalira matenda ofotetsa omwe amagwiranso rasipiberi. Dothi likhale lotaya madzi msanga, la asidi pang'ono, pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya 5.5 mpaka 6.5, thirani kompositi kapena manyowa owolerana bwino, osati aawisi. Ngati ndi dothi lamakande lomata kukhasu lija kwezani bedi kaye, apo ayi mvula ya Januwale iwoletsa mizu. Mtengo ndi mtengo muzisiya masentimita 50, zikani mapolo nkukoka mawaya awiri oti nthambi zizimangiriridwa, zikapanda kutero mphepo ya mvula ija imazigwetsa pansi zipatso nkumagona m'matope. Inu a kuchipinda cha lendi musadandaule, chigubu chachikulu choboola kunsi chimatha, bola madzi asasowe.

Mizu yake siyipita pansi, imayenda pamwambamwamba, ndiye khasu ayi, udzu zulani ndi manja kenako phimbirani ndi masamba ouma kapena makungwa. Kuno nyengo yachisanu siikhala ndi mvula, Seputembala ndi Okutobala kumauma gwa, pamenepo thirirani pansi pa tsinde kawiri kapena katatu pa sabata, masamba asamanyowe.

Tsopano apa mpomwe ambiri timalakwa. Rasipiberi ilipo mitundu iwiri. Wina umabereka pa nthambi zimene zaphuka chaka chomwecho, monga Heritage ndi Autumn Bliss, zipatso zake zimabwera cha m'ma Febuluwale mpaka Epulo. Umenewu ngosavuta, ikafika Julayi dulani zonse mpaka pansi, pasatsale kanthu, ziphukanso zatsopano. Mtundu winawo nthambi imakula chaka choyamba osabereka, nkudzabereka chaka chachiwiri cha mu Novembala ndi Disembala, kenako imauma. Umenewu mumangochotsa nthambi zimene zabereka kale, zija zakhungu lotuwa louma, zanthetezo mumazisiya nkuzimangirira kuwaya. Ine ndinaona ndi maso anga mnyamata wina wakwathu, wolimbikira ntchito bwinobwino, anapeza bedi la madamu likuoneka ngati tchire m'mwezi wa Julayi nkulisesa lonse kuti pakhale poyera, Disembala kufika masamba okhaokha obiriwira mochititsa kaso, chipatso olo chimodzi. Sanali waulesi ayi, sanafunse dzina basi. Mukapeza bedi lakale losadziwika mtundu, lisiyeni chaka chimodzi muone mwezi umene likubereka, ndiye muzidula.

Chinanso, mbewuyi ndi yoyendayenda, mphukira zimakatulukira pakati pa kapinga kapena kuseri kwa mpanda kwa aneba. Zizuleni zikadali zazing'ono, zamphamvuzo mutha kuwokera pena kapena kugawirako mnzanu.

Mbalame nazo zimadziwa tsiku lopsa kuposa inu, ndiye ukonde ndi wofunika, ndipo ukonde wamthunzi umathandizakonso matalala akagwa, mukudziwa matalala a kuno sachita manyazi. Pothyola pitani m'mawa mame atauma, gwirani kachipatso ndi zala ziwiri nkukoka pang'ono, kakapsa kamavuka kokha nkusiya kamtima koyera pamtengo, mkati mwake muli mphako. Kakakana kasiyeni, mudzakaone mawa. Musaunjike m'mbale yakuya timaphwanyana, ndipo musatsuke mpaka nthawi yodya, mufiriji timangokhala masiku awiri kapena atatu nkuyamba nkhungu.