Kwa anzanga a shuga: mukamadya kunja, musafulumire kubaya

Anzanga amene mumabaya insulini, makamaka inu oyenda ulendo wa fodya ku Chinkhoma kapena okagula zinthu pa boma la Kasungu, mvereni izi.

Mwezi watha ndinalowa mu lesitilanti ina, ndikuitanitsa nsima ya nkhuku ya lokolo, n'kubaya pompo. Nkhuni zinali zonyowa, nsima inachedwa pafupifupi ola lathunthu. Manja anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, maso akuchita chidima. Shuga anali atatsika.

Tsopano ndimayamba ndafunsa kuti, "Mayi, nsima yapsa kapena mukuphika kumene?" Insulini imene ndimabaya, ya mtundu wa regular, imafuna kubayidwa mphindi 30 musanadye, choncho ndimabaya ndikaona ndi maso kuti phala layamba kuwira ndipo ndiwo zapsa kale. Kuukwati ndi kumaliro n'chimodzimodzi, chakudya chimadikira zolankhula zithe.

M'thumba musasowe maswiti kapena shuga m'kapepala. Mukayeza shuga wa m'magazi n'kupeza ali pansi pa 4 mmol/L, imwani madzi osungunulamo masupuni a tiyi atatu a shuga, dikirani mphindi 15, yezaninso.

Mitanda ya kulesitilanti ndi yaikulu kuposa ya kunyumba. Ndimadya muyeso wanga wa masiku onse, ndikuchulutsa nkhwani, chisoso kapena nyemba. Thobwa ndi Fanta ndimakana, ndimamwa madzi.

Insuliniyo musaisiye padzuwa mu minibasi, kutentha kumaifooketsa. Ikulungeni mu kansalu konyowa. Mlingo wake musausinthe nokha, funsani adokotala tsiku la kiliniki.