Momwe mungayambire kulemba nkhani za kwanu ndi kupeza oziwerenga

Phiri la Mulanje lalembedwa kwambiri, koma ambiri mwa amene alilemba ndi alendo, ndipo alemba m'Chingerezi zinthu zimene mlendo mnzawo angafune kudziwa: kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, kuti ulendo wokwera umayambira pa Likhubula, ndiponso kuti bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025. Zonsezi n'zoona, komabe mwana wa kuno amene ali pa ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg akamaimba foni kumudzi safunsa za Sapitwa. Amafunsa ngati mvula yayamba, ngati nandolo wabereka, ndiponso ngati mlatho umene unakokoloka unakonzedwa. Munthu amene ali ndi foni ya intaneti ndipo amakhala kuno akhoza kuyankha mafunso amenewa polemba, ndipo oyenera kuwerenga alipo kale.

Choyamba, sankhani chinthu chimodzi chimene mudzilemba, ndipo chikhale chimene mumachiona ndi maso anu sabata iliyonse. Oyamba kumene ambiri amagwa pomwepa, chifukwa lero alemba za mpira wa ku England, mawa za ndale, mkuja ndakatulo yachikondi, ndipo wowerenga sadziwa chimene angabwerere kudzapeza. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mlimi wa tiyi wa munda waung'ono alembe za tiyi, kuyambira kuthyola masamba awiri ndi kansonga kake mpaka tsiku la sikelo. Wa ku Thyolo amene anaona matenda a chisaka akutha nthochi angathe kulemba za amene anazula zakale n'kubzala mbewu yatsopano. Wina alembe zakudya za Alhomwe, wina za ntchito yonyamula katundu wa alendo m'phiri. Kuti mudziwe ngati mwasankha bwino, tengani pepala ndi kulemba mitu 10 ya nkhani zimene mungathe kulemba pa chinthucho popanda kukwera minibasi yopita kutali. Ikakanika kukwana 10, sankhani china.

Chachiwiri ndi kutolera nkhaniyo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pamasiyanitsa zolemba zimene anthu amatumizirana ndi zimene amangozidutsa. Yendani ndi kakope ndi cholembera, ngakhale muli ndi foni, popeza batire limatha pamene nkhani yafika pokoma. Lembani tsiku, malo, ndi zimene mwaona musanalembe maganizo anu. Mukapita pa msika wa Limbuli kapena pa Chitakale kukaona mitengo ya zinthu, musakhutire ndi mawu akuti zinthu zakwera mtengo, chifukwa amenewo aliyense akuwadziwa. Funsani ogulitsa atatu mtengo wa ndowa kapena wa mulu, lembani chimene aliyense wanena, ndipo funsaninso kuti mwezi watha unali bwanji.

Chimodzimodzi mukafuna kulemba za kaphikidwe ka kalongonda. Aliyense kuno amadziwa kuti kalongonda wosapsa bwino amavulaza, choncho nkhani yongoti amakoma ilibe phindu. Khalani pansi pafupi ndi mayi amene amamuphika, onani nthawi imene wayatsa moto, werengani kuti madzi awataya kangati, funsani chimene amaonera kuti tsopano wapsa, ndipo lembani yankholo m'mawu ake omwewo. Pofunsa musathamange. Yambani ndi moni ndi kudzifotokoza, nenani poyera kuti zimene akuuzeni zikawerengedwa ndi anthu ambiri pa foni, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza mudzi wonse, monga manda, malire a minda kapena chitsime, yambani mwakaonekera kwa amfumu. Anthu achikulire amayankha bwino funso lakuti "Kodi agogo, kale munkachita bwanji?" kusiyana ndi funso lofuna inde kapena ayi, ndipo nthawi zambiri chokoma chimatuluka pamene mwatseka kale kope n'kuyamba kutsazika.

Chachitatu, lembani nkhani yonse pamalo osafuna intaneti, monga m'kope kapena mu pulogalamu yolembera ya m'foni, ndipo muiike pa intaneti itatha kale. Ine ndinaphunzira zimenezi movutika. Tsiku lina la chiperoni ndinakhala pafupifupi ola lathunthu ndikulemba mwachindunji pa intaneti nkhani ya anyamata a kabaza, zala zitauma ndi kuzizira, ndipo nditadina kuti ipite, bandulo inali itatha. Pamene ndinkabwerako kogula mayunitsi, foni inali itatseka zonse ndipo sipanatsale ngakhale chiganizo chimodzi. Kuyambira pamenepo ndimasunga nkhani iliyonse pawiri, m'foni ndi pa Google Drive, chifukwa foni imatayika, imabedwa, ndipo imagwera m'madzi. Muzimitsenso chokonza mawu cha pa kiyibodi, chimene chimasandutsa mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi inu musakuona.

Polemba, iwalani pang'ono chimangirizo cha kusukulu chimene chimayamba ndi kulonjeza zimene chikambe. Wowerenga pa foni amaona mizere itatu kapena inayi yokha asanasankhe kupitiriza kapena kudumpha, choncho chinthu chachikulu chikhale m'mizere imeneyo. Mutu wakuti "Zina ndi zina za kwathu" suuza munthu kanthu, pamene wakuti "Chifukwa chake chinanazi chimatsika mtengo pa Chitakale mvula ikayamba" umamuuza chimene apeze ndiponso malo ake. Ndime zikhale zazifupi, ndipo pakati pake pazikhala mpata. Mayina a malo alembedwe molondola, chifukwa munthu wa ku Muloza akaona dzina la kwawo litalakwika amayamba kukayikira zina zonse.

Za zithunzi sindichulukitsa mawu. Jambulani nokha, m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu, mutapukuta galasi la kamera. Chithunzi chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira, popeza owerenga anu nawonso akuwerengera bandulo yawo. Pemphani chilolezo musanajambule munthu, ndipo ana musawajambule popanda makolo awo kuvomera. Chithunzi kapena nkhani ya munthu wina ili ndi mwini wake, ndipo lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, silileka kugwira ntchito chifukwa chakuti chinthucho mwachipeza pa WhatsApp.

Chachinayi, musanatumize, tsimikizani. Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi ndi matope zinawononga midzi ya Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma ena a kumwera, abale akutali ankadalira mauthenga a pa foni kuti adziwe amene ali moyo, ndipo aliyense amene anadikirapo yankho masiku amenewo akudziwa kulemera kwa uthenga wosatsimikizika. Lamulo langa ndi lakuti chimene sindinaone ndekha ndichimve kwa anthu awiri amene sanauzane, ndipo ndinene m'nkhanimo kuti ndachimva kwa ndani, ngakhale popanda kutchula dzina. Za imfa musalembe banja lisanalengeze. Ngati nkhani ikudzudzula munthu kapena ofesi, pitani mukamve mbali yawo ndi kuilemba mwachilungamo, chifukwa woipitsiridwa mbiri akhoza kukusumirani, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti limene limaletsa kuzunza kapena kuopseza anthu kudzera pa makina amenewa. Kumbali ina, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho muli ndi poyambira mukafuna kufunsa ku khonsolo za ntchito ya chitukuko imene yaima. Mukalakwitsa, konzani poyera ndi kunena chimene mwakonza.

Chachisanu ndi kufalitsa. Owerenga oyamba amapezeka kumene ali kale, kutanthauza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a mpingo, a anzanu akusukulu ndi a anthu a kwanu okhala m'tauni. Tumizani ku magulu okhawo amene nkhaniyo ikuwakhudza, kamodzi kokha, chifukwa munthu wotumiza chinthu chimodzi m'magulu onse tsiku lililonse anthu amatopa naye msanga. Lembani dzina lanu ndi tsiku pansi pa nkhani iliyonse, kuti ikayenda kutali isataye mwini. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, kapena pa masabata awiri ngati ntchito ya kumunda yachuluka, ndipo muzilisunga. Ndaona ambiri akuyamba ndi moto, nkhani zisanu sabata yoyamba, kenako zii mpaka chaka kutha. Kalendala ya kuno imathandiza kukonzekera: tiyi amachuluka m'dzinja, mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race umachitika mu Julaye, ndipo mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde umakhalapo mu Okutobala. Nkhani za nyengo zimenezi mukhoza kuyamba kuzitolera mwezi wathunthu zisanafike.

Kukonza kalembedwe kumabwera ndi kuwerenga mokweza. Musanatumize, werengerani munthu wa pakhomo, makamaka wachikulire amene Chichewa chake sichinasakanikirane kwambiri, ndipo pamene wafunsa kuti "Mukuti bwanji pamenepo?" dziwani kuti chiganizocho chapindika kapena munachiganiza m'Chingerezi. Pakatha miyezi itatu, werenganinso zonse zimene munalemba, ndipo muone zimene anthu anatumizirana kwambiri kapena zimene anakuimitsirani pa msewu kuti akufunseni. Kuchuluka kwa zala zokweza pa Facebook kusakunamizeni, popeza anthu amadina asanawerenge.

Za ndalama ndinene mosabisa kuti miyezi yoyamba mudzakhala mukutulutsa, osati kulandira. Owerenga akachuluka, mwini golosale kapena malo ogona alendo angafune kuti mumulengezere malonda n'kukulipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mukavomera, lembani poyera kuti amenewo ndi malonda, kuti anthu asawasokoneze ndi nkhani.

Chomaliza chimene olemba ambiri amachiiwala ndi kubwerera ku nkhani yakale. Ngati munalemba za mbande za mkungudza zimene anthu anabzala m'phiri, pitaninso chaka chamawa mukawerenge zimene zaphuka ndi zimene moto wolusa unapsereza. Ngati munalemba za mjigo wowonongeka, lembani m'kakope kanu tsiku limene mudzapitenso kukaona ngati amayi a m'mudzimo akutungabe kumtsinje.