Madzi a Pamjigo Amadetsedwa M'njira ndi M'nyumba

Amayi a m'midzi ya ku Chipata, Katete ndi Chadiza, ambiri a inu mumalawira m'mbandakucha kukafola pamjigo, makamaka mu Okutobala pamene zitsime za kudambo zaphwa, koma chomvetsa chisoni n'chakuti madzi amene amatuluka pampope ali abwino amafika pakamwa pa mwana atadetsedwa kale.

Vuto limayambira pa ndowa yosavundikira. Posenza, zala zimagwira m'milomo mwa ndowa n'kuviikika m'madzi, pamene zala zomwezo mwina zangochokera kosintha mwana thewera. Ena amathyola masamba n'kuponya pamwamba kuti madzi asatayike poyenda. Nzeru imeneyi ndi ya makolo ndipo madzi satayikadi, koma masambawo amabwera ndi fumbi ndi zitosi za mbalame. Chigubu chokhala ndi chitsekerero ndiye chabwino chifukwa dzanja sililowamo, bola muzichitsuka ndi sopo ndi timiyala, n'kuchikhutchumula mpaka ndere zonse zitachoka. Chigubu chimene munali mankhwala opopera thonje musatungiremo madzi, ngakhale mutachitsuka kangati. Dziwaninso kuti malita 20 a madzi amalemera makilogalamu 20, katundu wosayenera khosi la kamtsikana ngakhale nkhata itakhala yofewa bwanji, choncho kapatseni kachigubu ka malita 5.

Mtsuko sindikuuletsa, pakuti madzi ake amazizira bwino nthawi yotentha. Koma ukhale wovundikira, ndipo chikho chotungira chikhale chimodzi, cha mpini wautali, chopachikidwa pa msomali, osati kapu imene mwana wamwera n'kuisiya pansi pomwe nkhuku zikuyendapo.

Madzi akumwa muzithiramo Clorin, mankhwala a m'botolo ophera tizilombo ta matenda m'madzi, potsata muyeso wolembedwa pabotolo, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Ngati ndi ofukula mumchenga wa kumtsinje, yambani mwawasefa pa nsalu yoyera, chifukwa mankhwalawa sagwira bwino ntchito m'madzi amatope. Clorin akasowa, wiritsani madziwo mpaka abwadamuke. Kolera amene anabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 anafika m'zigawo zonse khumi za dziko lino, ndiye musadikire kumva kuti wafika pamudzi woyandikana nawo.

Kandalama kamene komiti ya V-WASHE (yoona za madzi ndi ukhondo pamudzi) imatolera kuti izikonzera mjigo muzisonkha pa nthawi yake, abambo nawonso atengepo mbali, kuti mjigo ukangoyamba kulimba popopa, wokonza aitanidwe sabata lomwelo amayi asanabwerere kokafukula kumtsinje.