Momwe mungalumikizire makina olemba zanyengo a kumunda ndi lamya yapansi

Alipo alimi kuno ku Kasungu amene munda wawo uli ku Chamama, ku Santhe kapena ku Chulu, koma ofesi ili pa Boma. Mvula ikagwa usiku, m'mawa amafuna kudziwa kuti yagwa mamilimita angati, chifukwa nkhani yowokera fodya kapena kuthira fetereza yagona pamenepo. Kapitawo akayankha kuti "yagwa ndithu, bwana", simungapangepo chiganizo. Makina olemba zanyengo, amene amisiri amangoti logger, amasunga okha kuchuluka kwa mvula, kutentha, chinyezi ndi liwiro la mphepo, koma zolembazo zimakhala komweko kumundako mpaka wina akazitenge.

Masiku ano ambiri amagula makina otumiza kudzera pa simu khadi ya Airtel kapena TNM, ndipo ngati mukugula zatsopano, njira yake ndi imeneyo. Koma pamene pali kale waya wa lamya yapansi wogwira ntchito, monga pa ofesi ya esiteti yakale, pa mishoni kapena pa sukulu, ndipo netiweki ya foni yam'manja njovuta, modemu ya lamya, kachipangizo kodutsitsa uthenga wa kompyuta pa waya wa lamya, imagwira bwino ntchitoyi. Kompyuta ya ku ofesi imaimba nambala ya kumunda, modemu ya kumeneko imayankha yokha, logger n'kutumiza zonse zimene yasunga.

Yambani ndi lamya yeniyeniyo

Musanagule kanthu, lumikizani foni wamba ya patebulo pa soketi ya kumundako. Mverani ngati ikulira kusonyeza kuti mzere uli moyo, imbirani wina, kenako iyenso akuimbireni. Mukamamva phokoso la thetheee kapena mawu akumaduka, waya ali ndi vuto penapake, mwina polumikiza pachita dzimbiri, ndipo modemu sipirira phokoso limene khutu la munthu limapirira. Kauzeni a MTL akonze kaye. Kumbukiraninso kuti mawaya a kopa amabedwa, choncho mzere umene unkagwira chaka chatha musauwerengere musanauyese.

Pali mafoni ena a patebulo amene amaoneka ngati lamya yapansi koma alibe waya, amagwira ndi mlongoti ngati foni yam'manja. Amenewo sathandiza pa ntchitoyi. Lamya yodutsa pa switchboard yofuna munthu wolumikiza nayonso siyenera. Pakufunika nambala yoti ikaimbidwa ilire molunjika pa soketi imene modemu yalumikizidwa.

Zofunika kusonkhanitsa

Kumunda kukufunika modemu yoima payokha yokhala ndi polowera pa serial, ya mapini 9 kapena 25, monga zija za US Robotics. Modemu ya USB siyigwira kumeneko chifukwa imadalira kompyuta kuti iziyendetsa. Ku ofesi ndiye mungaigwiritse ntchito. Logger yanunso ikhale ya serial. A Davis Instruments amapanga logger ya WeatherLink ya mitundu ingapo, ndipo ya USB singalumikizidwe ku modemu. Onjezani waya wa foni wa mapulagi a RJ11, waya wa serial wolunjika, ka null modem (kolumikizira kopingasa mawaya a serial, ndifotokoza m'munsimu), ndi chotetezera mphenzi cha pa waya wa lamya.

Amene muli ndi makina a Campbell Scientific, monga CR1000, ntchito yanu njopepuka. Kampaniyi inapanga modemu yakeyake ya COM220 imene imalowa pa polowera pa logger potchedwa CS I/O, imadya magetsi a 12 V kuchokera komweko, ndipo zambiri zimene ndifotokoze m'munsimu anakonzeratu ku fakitale.

Yang'anitsitsani adaputala ya magetsi ya modemu, makamaka ngati njogwiritsidwapo kale ntchito. Zochokera ku America zambiri n'za 120 V, pamene magetsi a ESCOM ndi 230 V. Mukaibaya pakhoma imapsa nthawi yomweyo. Komanso mamodemu ambiri akale amafuna adaputala yotulutsa AC, osati DC, ndiye musangotola iliyonse imene pulagi yake yalowa. Werengani zolembedwa kunsi kwa modemu.

Phunzitsani modemu musanapite nayo kumunda

Apa ndi pamene ntchito yambiri imalephera. Modemu inapangidwa kuti izilamulidwa ndi kompyuta, koma kumunda kulibe kompyuta. Logger siyidziwa kuuza modemu kuti yankha, ndipo siyimva zimene modemu imayankhula. Muyenera kuiuza zonse muli ku ofesi, n'kuonetsetsa kuti izikumbukira ngakhale magetsi atazima.

Lumikizani modemu ku kompyuta ndi waya wa serial wolunjika. Ngati laputopu ilibe polowera pa serial, kachipangizo kosinthira USB kupita ku serial kakwanira. Tsegulani pulogalamu ya PuTTY kapena Tera Term, sankhani COM yoyenera, ndipo ikani liwiro lofanana ndi la logger. Makina a zanyengo a Davis otchedwa Vantage Pro2 amabwera ataikidwa pa 19200. Zina zonse zikhale 8, N, 1 (data bits 8, parity None, stop bits 1). Liwiro limeneli musalitenge mopepuka: modemu imatengera liwiro limene mwailankhulira nalo, ndipo ndi limene idzasunge. Mukaikonza pa 115200 pamene logger ili pa 19200, kuimba kudzatheka, modemu idzayankha, koma zobwera ku ofesi zidzakhala zilembo zopanda mutu.

Lembani AT n'kudina Enter. Ikayankha OK, mwagwirizana. Kenako lembani malamulo awa limodzilimodzi, aliyense akutsatiridwa ndi Enter.

AT&F imabwezera modemu mmene inachokera ku fakitale, kufafaniza zimene mwini wake woyamba anaikamo.

ATS0=2 imaiuza kuti iziyankha yokha lamya ikalira kawiri. S0 ikakhala pa 0, modemu siyankha ngakhale lamya ilire tsiku lonse.

AT&D0 imaiuza kuti isamadikire chizindikiro cha DTR. Kompyuta imapereka chizindikiro chimenechi, koma ma logger ambiri sapereka, ndipo modemu ikachisowa imakana kuyankha kapena kudula ikangoyankha.

AT&K0 imathimitsa flow control (njira imene modemu ndi chipangizo chinzake zimauzirana kuti ima kaye kapena pitiriza kutumiza) pa mamodemu ambiri. Pa US Robotics lamulo limeneli lili ndi tanthauzo lina; kumeneko gwiritsani ntchito AT&H0 ndi AT&R1, kuonjezerapo AT&B1 kuti liwiro la pa serial lisamasinthe.

Tsopano onani ngati zonse zalowa polemba AT&V, kapena ATI4 pa US Robotics. Mukakhutira, malizani ndi mzere umodzi: ATE0Q1&W. E0 imaletsa modemu kubwereza zilembo zimene yalandira, Q1 imaitseka pakamwa kuti isamatumize mawu ngati RING ndi CONNECT kwa logger, ndipo &W imasunga zonse. Musadabwe kuti OK sabweranso. Ndi mmene mwailamulira. N'chifukwa chake lamuloli likhale lomaliza.

Mamodemu a US Robotics ali ndi tima switch ting'onoting'ono kumbuyo kapena kunsi, ndipo timaposa mphamvu zimene mwalemba. Pa mtundu wa Sportster, ka nambala 5 ndi ka kuyankha yokha, ka nambala 1 ndi ka DTR, ndipo ka nambala 7 ndi kamene kamasankha ngati modemu poyaka itenge zimene munasunga kapena za ku fakitale. Tanthauzo la kalikonse linalembedwa kunsi kwa modemuyo.

Mukatha, zimitsani modemu, dikirani pang'ono, yatsaninso, n'kuimba nambala yake ndi foni yam'manja. Ikayankha ndi kulira kwake kosokosa kuja, yakumbukira. Kuyesa kumeneku musakudumphe, chifukwa kumundako magetsi adzazima ndi kuyaka kambirimbiri popanda woikonzanso.

Waya wa pakati pa logger ndi modemu

Pa pulagi ya mapini 9, pini 2 ndi pini 3 ndi zonyamula uthenga, ina kutumiza ina kulandira, ndipo pini 5 ndi ya ground. Logger inapangidwa kuti izilumikizidwa ku kompyuta. Modemu nayonso chimodzimodzi. Ndiye mukazilumikiza ziwirizi ndi waya wolunjika, zili ngati anthu awiri amene alunjikitsana pakamwa ndi pakamwa, khutu ndi khutu: aliyense akuyankhula, palibe akumva. Null modem imapingasa mawaya awiriwo kuti chotumiza cha mbali ina chifike pa cholandira cha inayo. Poiona kunja siyisiyana ndi waya wamba, choncho ngati mukukayika, yesani ndi multimeter: pini 2 ya mbali imodzi iyenera kutulukira pa pini 3 ya mbali inayo, pini 5 pa pini 5.

Pa mapini 25 pali msampha wina. Kumeneko ntchito za pini 2 ndi 3 n'zotembenuka poyerekeza ndi pa mapini 9, ndipo ground ili pa pini 7. Amene akuwotcherera yekha waya ajambule kaye papepala. A Davis anapanga adaputala yawoyawo ya modemu yopingasa kale mkati. Ngati muli nayo, musaonjezerenso null modem, chifukwa kupingasa kawiri n'kubwerera pomwe munayambira.

Waya wa serial usapitirire mamita 15. Ngati makina ali patali ndi soketi ya lamya, talikitsani waya wa foni, modemu ikhale pafupi ndi logger.

Yesani zonse patebulo

Ikani logger, modemu ndi mawaya onse patebulo pamalo pamene pali lamya yapansi, ndipo kompyuta iimbe kuchokera pa nambala ina. Mu pulogalamu ya pa kompyuta ya WeatherLink mumasankha kulumikiza kudzera pa modemu n'kulemba nambala ya kumunda. Mu pulogalamu ya LoggerNet ya Campbell mumaika PhoneBase ndi PhoneRemote. Kokani zolemba zonse, dulani, imbaninso. Vuto limene mungalipeze pa Boma mumalikonza masana omwewo. Mukalipeza zonse zitakhomedwa kale kumunda, mu Januwale, msewu uli matope okhaokha, nkhani yake ndi ina.

Kumunda: magetsi, mphenzi ndi makoswe

Logger imadya magetsi ochepa kwambiri, ndipo konsolo ya Vantage Pro2, bokosi loonetsa manambala limene logger imalowamo, ili ndi mabatire atatu a saizi C oithandiza magetsi akazima. Modemu wamba ndiyo yosusuka, ndipo ilibe batire. Ikani UPS yaing'ono, kapena sola ndi batire ya 12 V yokhala ndi inveta yaing'ono ngati modemuyo njofuna AC.

Mphenzi ndi imene imapha mamodemu ambiri. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, waya wa lamya woyenda pamitengo mtunda wautali umatola mphamvu ya mphenzi ngakhale yagwera patali, n'kuifikitsa ku modemu, kenako kudzera pa serial kukafika ku logger, yomwe ndi yodula kuposa zonse. Chotetezera chiikidwe pamene waya akulowera m'nyumba, ndipo chilumikizidwe ndi waya wonenepa, wamfupi, ku chitsulo cha earth chokhomeredwa pansi. Chotetezera chopanda earth n'chokongoletsa chabe. Earth ya logger, ya modemu ndi ya chotetezera zikumane pa chitsulo chimodzi. Ndipo kunja kukamagunda, musagwire mawaya a lamya. Ngakhale kopanda mvula amakhala ndi magetsi a pafupifupi 48 V, ndipo lamya ikamalira amakwera mpaka kukunjenjemeretsani.

Mawaya alowe m'paipi, bokosi likhale lotseka mabowo chifukwa cha makoswe, nyerere ndi mavu, koma lisakhale padzuwa kapena pansi penipeni pa malata. Auzeninso a mlonda ndi onse a pa ofesi kuti soketi ya magetsi ya modemu si yotchajira foni. Ngati lamyayo anthu amaigwiritsanso ntchito masana, ikani S0 pa 8 kuti munthu azitha kuyankha modemu isanalande, ndipo kompyuta iziimba usiku kapena mbandakucha.

Kuimba kangati

Logger ya WeatherLink imasunga mizere 2,560, ikadzaza imayamba kufafaniza yakale. Mukaiika kuti izilemba mphindi 30 zilizonse, imatenga masiku 53 kuti idzaze. Pa mphindi 10 ndi masiku 17 okha. Kwa mlimi, mphindi 30 n'zokwanira, ndipo zimakupatsani mpata ngati lamya itafa kwa milungu ingapo. Zolemba za tsiku limodzi n'zochepa, pafupifupi makilobaiti awiri ndi theka, choncho kuimba sikutenga nthawi ndipo bilu siyikwera. Musavutike n'kuti modemu yalembedwa 56K koma yalumikiza pa liwiro lotsika; mamodemu awiri a pa lamya wamba sapitirira mabiti 33,600 pa sekondi, ndipo ntchitoyi siyifuna ngakhale theka la pamenepo.

A nthambi ya boma yoona zanyengo amawerenga mvula ya tsiku 8 koloko m'mawa. Ngati mukufuna kuyerekeza zanu ndi zawo, kuwerengetsa kwanu kuyambire nthawi yomweyo, ndipo wotchi ya logger muziyiyang'ana mwezi ndi mwezi kuti igwirizane ndi ya kompyuta.

Zikakanika

Zimene modemu ya ku ofesi yalemba zimakuuzani koyambira. NO DIALTONE ndi vuto la ku ofesi komweko: waya walowa pa PHONE m'malo mwa LINE, kapena modemu siyikuzindikira kulira kwa mzere, ndiye onjezani X3 pa malamulo ake kuti iziimba osadikira. BUSY yosatha ikutanthauza kuti foni ya kumunda sinaikidwe bwino, kapena modemu ya kumeneko yakakamira mzere ndipo ikufunika kuzimitsa n'kuyatsanso. Lamya ikamangolira osayankhidwa, modemu ilibe magetsi, yapsa, kapena yaiwala S0. Ikalemba CONNECT koma logger n'kukhala chete, lamya ilibe mlandu: onani null modem, kenako liwiro. Ikamaduka pakati, makamaka mvula itangogwa, madzi alowa polumikizira waya panja. Tumizani munthu akamvere mzere ndi foni ya patebulo, ndipo phokoso likamveka, itanani okonza malamya.