Kayendedwe koyenera pamene msewu wa m'dera lanu ukumangidwanso mu Mzuzu

Aliyense amene wakhala mu Mzuzu zaka zingapo amadziwa kuti msewu ukayamba kumangidwanso, kayendedwe ka dera lonse kamasokonekera kwa miyezi yambiri. Kuno mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya, moti dothi lokumbidwa silichedwa kusanduka matope oterera, pomwe m'chilimwe dothi lomwelo limakhala fumbi lolowa m'nyumba ndi m'zifuwa momwe. Oyendetsa galimoto amadandaula za kuchedwa, koma wovutika kwenikweni ndi munthu woyenda pansi, chifukwa m'mphepete mwa msewu, momwe iye amadutsa, ndi mmene mumayamba kukumbidwa ngalande ndi kuunjikidwa miyala ndi mchenga.

Yambani ndi kuzindikira pamene ntchito yafika, popeza ngozi zake zimasintha nthawi ndi nthawi. Poyamba amasuntha mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene madzi amasiyasiya m'mipopi, choncho ndi nzeru kusunga madzi m'zigubu. Kenako amakumba ngalande ndi kuika makalavati, amathira dothi ndi miyala m'magawomagawo, kunyowetsa ndi kutsendera, ndipo phula limabwera kumapeto. Ambiri amaganiza kuti phula likathiridwa mavuto atha, koma ine ndimaopa kwambiri masabata amenewa, chifukwa galimoto zimayamba kuthamanga pamsewu wosalala umene ulibe mizere, ulibe powolokera, ndipo m'mbali mwake mukadali maenje osakwiriridwa.

Mukamayenda pansi, yendani kudzanja lamanja la msewu kuti muziona galimoto zobwera kutsogolo kwanu, pakuti kuno kwathu galimoto zimayenda kumanzere. Lamulo limeneli timaliphunzira kusukulu, koma kufunika kwake kumaoneka bwino pamene msewu wachepa ndipo minibasi, ma Sienta, njinga zamoto ndi masakaramento (njinga zakapalasa za kabaza) akulimbirana kanjira kamodzi. Musadutse kumbuyo kwa gireda, tipa kapena chimakina chotsendera, ngakhale chitaima, chifukwa woyendetsa sakuonani bwino ali pamwamba paja, ndipo phokoso la injini silimulola kumva kufuula kwanu. Dikirani kufikira atakuonani ndi kukukodolani kuti mudutse.

Nkhani ya ngalande ndiyofunika kuikhalira pansi. Ngalande imene masana mumaidumpha mosavuta imakhala msampha madzulo, makamaka mvula ikagwa n'kuidzaza mpaka kulekeza m'milomo, pakuti madzi amatope amabisa kuya kwake ndiponso zitsulo zosongoka zimene amisiri amazisiya poyembekezera kuthira konkire. Anthu a m'madera otsika monga Chibavi ndi mbali zina za Masasa, amene anaona kusefukira kwa madzi mu Epulo 2016, amadziwa mphamvu ya madzi othamanga a mumzinda muno. Musawoloke pathabwa lopyapyala limene wina waika pangalande musanaliyese ndi phazi limodzi, ndipo ngati mwabereka mwana kapena mwasenza katundu, kuli bwino kuzungulira kutali kusiyana n'kudalira thabwa lonyowa. Madzulo nyamulani tochi, ngakhale ya pafoni, ndipo valani chovala chowala, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene nkhungu ndi mvula yowaza zimachititsa kuti woyendetsa asaone patali.

Makolo ayende ndi ana awo njira yatsopano ya kusukulu kamodzi kapena kawiri, n'kuwaonetsa powolokera penipeni, m'malo mongowauza pakamwa kuti asamale. Mwana amakopeka ndi makina akuluakulu ndiponso milu ya mchenga, ndipo sadziwa kuti phula lothiridwa kumene limaotcha kwambiri. Agogo, amayi oyembekezera ndi anthu olumala amafunika wowaperekeza, chifukwa njinga ya olumala siingadutse pamiyala yosatsendera. Amene ali ndi chifuwa cha mphumu azivala masiki kapena kutseka mphuno ndi kansalu konyowa podutsa pafumbi.

Kwa oyendetsa galimoto ndi njinga, malangizo ndi achidule. Nyamukani msanga, mverani wogwira mbendera ngakhale mukuona ngati kutsogolo kulibe kanthu, yatsani nyali mukalowa m'fumbi, ndipo siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo kuti timiyala tisaswe galasi. Njira zolambalala zimadutsa m'makwalala a m'malokeshoni momwe ana amasewera ndiponso amayi amagulitsa tomato ndi makala pakhomo, choncho liwiro la pamsewu wa M1 lisalowe nanu m'menemo. Ngati mukupita ku Mzuzu Central Hospital, ku yunivesite ku Luwinga, kapena kukakwera basi ya ku Karonga kaya ku Nkhata Bay, funsani woyendetsa minibasi kapena wa sakaramento m'mawa womwewo kuti njira yotsegula ndi iti, popeza iwo amadziwa kusintha kwa tsiku lililonse.

Amene muli ndi golosale, saluni kapena benchi m'mphepete mwa msewu, musadikire kuti khomo lanu litsekeke ndi mulu wa dothi. Pitani kwa kapitawo wa ntchitoyo ngalande isanakumbidwe, mumupemphe mwaulemu kuti asiye polowera makasitomala, ndipo mufunse tsiku limene adzafike pamalo panu kuti muchepetse kuoda katundu wosachedwa kuonongeka. Zakudya monga mandasi ndi usipa muziziphimba nthawi zonse chifukwa cha fumbi. Ndi bwinonso kujambula zithunzi za mpanda ndi makoma a nyumba yanu ntchito isanayambe, chifukwa makina otsendera amagwedeza nthaka, ndipo mng'alu ukaoneka pambuyo pake mudzafunika umboni wa mmene khomalo linalili.

Mukaona dzenje lopanda chizindikiro, paipi yophulika kapena madzi a m'ngalande akulowera m'nyumba za anthu, kanenani tsiku lomwelo, ndipo dziwani khomo loyenera kugogoda. Misewu ikuluikulu monga M1 ndi M5 imayang'aniridwa ndi Roads Authority, pomwe misewu yambiri ya m'malokeshoni ili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ndipo za mapaipi zimapita ku Northern Region Water Board. Chikwangwani chimene chimaikidwa poyambira ntchito chimaonetsa dzina la kontirakitala ndi mwini ntchitoyo, choncho chijambuleni pafoni. Dandaulo limamveka msanga likadzera kwa khansala kapena mfumu ya m'dera lanu, litalembedwa papepala, lili ndi tsiku ndi malo enieni, ndipo inu mutasungako kope lake.