Kumata chubu tayala likaphwa popita kuntchito

Mpope, zigamba, sulushoni ndi kasandipepa musamazisiye kunyumba. Tayala likaphwa, patukani mumsewu mugoneke njinga. Kanulani tayala ndi zogwirira za masupuni awiri, mutulutse chubu. Sikuludalaiva ayi, imaboolanso pena. Popani pang'ono, mumvetsere pomwe mpweya ukutulukira. Ngati palibe madzi oviikamo chubu, pakani malovu, muona thovu pomwe pabooka.

Palani pamalopo, pakani sulushoni pang'ono, mudikire mphindi 5 kuti iume. Apa ndi pomwe ambiri timapupuluma poopa kuchedwa, chigamba n'kumatuka tisanafike. Ikauma, matani chigamba, mukanikize kwambiri.

Musanabwezere chubu, yendetsani chala mosamala mkati monse mwa tayala, chifukwa munga kapena kawaya kamene kanaboola kamatsalira momwemo. Bwezerani, popani, muzipita.