Momwe mungathandizire wachinyamata wofuna kuimba opera

M'makwaya a muno mu Mzuzu, kaya ku St Peter's Cathedral kaya m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia, simusowa mtsikana kapena mnyamata amene mawu ake amamveka mpaka pa benchi yakumbuyo popanda maikolofoni. Opera, yomwe ndi sewero lochitika mwa kuimba, imafuna mawu oterowo. Vuto ndi loti anthu akufuna kwabwino amathamangira kumugulira suti kapena kumufupa ndalama pamanja, ndipo mwezi usanathe zonse zapita. Ndalamayo ipite ku maphunziro.

Yambani ndi kupeza wodziwa nyimbo kuti amumve kaye. Kuyamikiridwa ndi azakhali ake sikokwanira. Funsani ku sukulu ya nyimbo ya Lusubilo ku Karonga, ku Music Crossroads ku Lilongwe, kapena kwa aphunzitsi a nyimbo ku University of Malawi ku Zomba.

Kenako lipirani mphunzitsi mwezi ndi mwezi, ndipo ndalamazo muzimpatsa mphunzitsiyo mwachindunji. Apa ndiye pagona nkhani. Makwaya athu ambiri amaimba ndi sol-fa, doh re mi, pomwe nyimbo za opera zimalembedwa ndi manoti a pa mizere isanu. Wosadziwa kuwerenga manotiwo sapita patali ngakhale mawu ake akome bwanji. Afunikanso kuphunzira kupuma bwino ndi katchulidwe ka Chitaliyana, Chijeremani ndi Chifalansa, popeza nyimbo zambiri zili m'zilankhulo zimenezi. Mphunzitsi akakhala kutali, bandulo ya intaneti ndi kiyibodi yoyeserera ndizo mphatso zenizeni.

Akakhwima ndithu, jambulani vidiyo, chifukwa masukulu ndi mipikisano yambiri amayamba kusankha poonera vidiyo. Foni yabwino ndi yokwanira, bola muyiimike pamalo osagwedera, woimbayo azioneka bwino, woimba piyano ali pambali. Sankhani tsiku lopanda mvula, mukudziwa nokha momwe mvula ya kuno imasokosera pa malata. Musakongoletse mawuwo pa kompyuta. Oweruza amazindikira.

Pasipoti mumupangiretu mwayi usanafike. Kufupi kuno njira yodziwika ndi ya ku South Africa. Pretty Yende, woimba opera wa ku tauni yaing'ono ya Piet Retief m'dzikolo, anaphunzira ku South African College of Music ku Cape Town, anapambana mpikisano wa Operalia mu 2011, ndipo mu 2023 anaimba pamwambo woveka ufumu Mfumu Charles III ku London. Mipikisano yotere imakhala ndi malire a zaka zakubadwa, choncho kuzengereza kumatayitsa mwayi.

Ngati mukusonkha monga gulu, sankhani anthu atatu osunga thumba, zopereka zizidutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo malisiti aziwerengedwa pamaso pa onse. Komanso musamusandutse woimba wa pa ukwati uliwonse ndi chinkhoswe chilichonse poti munamuthandiza. Mawu a wachinyamata amakhwima pang'onopang'ono, ndipo kuwakakamiza sabata ndi sabata pa masipika aphokoso kumawawononga. Mugwirizane naye pachiyambi kuti aziimbira gulu lanu kangati pa chaka, ndipo mulembe.